Nsalu ya bungwe lathu ndi anthu atatu amene anapita kusukulu ya zojambula

Bungwe lathu la Amalawi okhala cha kummwera kwa Johannesburg, limene limasonkha ndalama mwezi ndi mwezi kuti wina mwa ife akatisiya thupi lake likagone kumudzi, linakwanitsa zaka 10 chaka chatha, ndipo komiti inagwirizana kuti chikondwerero chake chikhale ndi nsalu yakeyake, monga timachitira kwathu pamsonkhano wa Mvano kapena pachikumbutso cha mpingo. Popeza ndine mlembi wa bungweli, ntchito yofunafuna osindikiza inagwera ine. Tinkafuna zitenje 120 za mamita awiriawiri, matisheti 80 a abambo, chikwangwani chimodzi chopachika kutsogolo kwa holo, ndi makhadi 200 a umembala okhala ndi chithunzi cha mwini wake. Ndikulemba momwe ntchitoyo inayendera pamalo amene tinasankha, kuti Amalawi anzanga amene ali ndi chinkhoswe, ukwati kapena bizinesi yofuna chikwangwani adziwe zimene angakapeze kumeneko ndi zimene ayenera kusamala nazo. Dzina la malowa ndalisiya dala, chifukwa ndi anthu atatu okha odzilemba okha ntchito ndipo m'munsimu muli madandaulo. Amene tili nawo limodzi m'magulu a WhatsApp akudziwa kale kumene ndikunena.

Tisanafike kumeneko tinali titapsapo kale. Zaka zingapo zapitazo tinapangitsa matisheti pashopu ina ya pakati pa tauni, ya mtundu uja umalandira oda m'mawa n'kupereka katundu madzulo, ndipo zilembo zake, zimene anachita kumata ndi makina otentha, zinayamba kusupuka titangochapa katatu. Ena m'komiti anati titumize ntchitoyi ku Blantyre, kumene nsalu za mipingo ndi za zipani zimasindikizidwa pamakina aakulu, koma fakitale yotere imafuna oda ya mamita ochuluka kuposa amene thumba lathu likanatha, ndiponso panali nkhani yonyamulitsa katunduyo pabasi kudutsa zipata za Mwanza, Nyamapanda ndi Beitbridge. Amene anatilozera njira ndi mayi wina wa bungwe lathu amene amasoka zovala ku Mayfair, ndipo anatichenjeza kuti anthuwo ndi odula komanso ofunsa mafunso ambiri, chifukwa akuti onse atatu anapita kusukulu ya zojambula. Ndivomereze kuti mawu amenewo sanandilimbitse mtima. Ndinakulira m'nyumba imene mwana wanzeru ankayenera kudzakhala dokotala, loya kapena mphunzitsi, ndipo wojambula amene tinkamudziwa anali uja wolemba maina a magolosale pakhoma ndi penti yotsala.

Malowa ali m'nyumba ina imene kale inali fakitale cha ku New Doornfontein, kufupi ndi bwalo la masewera la Ellis Park, pansanjika yachitatu. Wobwera koyamba akhoza kudutsa osazindikira, popeza anthu amene amapangira ena zikwangwani alibe chikwangwani chawo pakhomo kupatula kapepala komata pambali pa belu, ndipo chikepe cha m'nyumbamo chinali chisakuyenda maulendo onse 6 amene ndinapitako, moti msungichuma wathu, amene amavutika ndi mawondo, anakwerako kamodzi kokha n'kulumbira kuti sadzabwererakonso. Koma m'kati mwake ndi malo a ntchito ndithu. Pali tebulo lalitali pafupifupi mamita 8 lokutidwa ndi nsalu yochindikala, mafelemu okungidwa sefa atatsamira khoma, kachipinda kamdima, pochapira pamene sipauma, makompyuta awiri, ndipo pakona ina pakulendewera pepala lalikulu loyera pamene amajambulirapo anthu ndi katundu.

Tsiku loyamba ndinapita ndi chithunzi chimene komiti inavomereza, cholembedwa ndi bolopeni, ndipo munali mapu a Malawi, mbendera, manja awiri opatsana moni, mtanda, phiri la Mulanje, nyanja, chambo ndi mawu a bungwe. Mayi amene amakonza maonekedwe a zinthu, amene anzawo amangowatchula kuti dizaina, sanaseke, koma anandifunsa mafunso kwa ola lathunthu asanakhudze kompyuta. Anafuna kudziwa ngati nsaluyo idzavalidwa m'chiuno kapena idzasokedwa madiresi, chifukwa chithunzi chachikulu chikakhala pakati telala amachidula ndi sizasi osachiwerengera. Anafunsa ngati idzavalidwa pachikondwerero pokha kapenanso pamaliro. Kenaka anafunsa ngati mamembala onse ndi Akhristu, ndipo funso limeneli linandigwetsa nkhope, chifukwa ambiri ndithu mwa mamembala athu ndi Asilamu ochokera ku Mangochi ndi ku Machinga, koma komiti yonse inavomereza mtanda uja popanda woganizapo. Atafika pa mbendera anandionetsa ziwiri zimene anapeza pa intaneti, ina ya dzuwa lofiira lotuluka pamzere wakuda ndi ina ya dzuwa loyera lathunthu pakati, nandifunsa kuti yeniyeni ndi iti. Ndinawafotokozera kuti yachiwiriyo inabwera mu 2010, nthawi ya Bingu wa Mutharika, ndipo inachotsedwa mu 2012 Joyce Banda atalowa m'boma. Iwo anawerenga mizere ya dzuwa lofiira lija mpaka anapeza 31, n'kunena kuti nawonso ajambula 31 yomweyo. Anafunsanso ngati tikufuna kuti w wa m'dzina la dziko lathu akhale ndi kachipewa pamwamba, popeza si mitundu yonse ya zilembo za pakompyuta imene ili nako. Makolo athu anati safunsa anadya phula, ndipo pamenepa ndinaona kuti mafunso amene mayi wa ku Mayfair ankadandaula aja ndi mbali ya katundu amene tinkagula.

Patatha masiku 5 anatitumizira zitsanzo zitatu, ndipo m'zonsezo zinthu zanga zambiri zinali zitachoka. Chimene tinasankha chinali ndi dzuwa lotuluka lobwerezabwereza pansalu yonse, mzere wa chambo zotsatana m'mphepete, ndi mawu athu akuti "Pa tsoka, tinyamule m'bale", zonse m'mitundu itatu, wakuda, wofiira ndi wobiriwira, pansalu yoyera. Abale athu a ku Mulanje anadandaula za phiri lawo, koma wapampando anawakumbutsa kuti phirilo likalowa a kumpoto adzafuna Nyika ndipo a ku Dedza sadzakhala chete. Chifukwa chimene mayi dizaina anachepetsera mitundu chinali cha ndalama: mtundu uliwonse umafuna sefa yakeyake ndi ulendo wakewake patebulo, kotero mtundu wachinayi ukanakweza mtengo wa chitenje chilichonse.

Tikudikira kuti chitsanzo chituluke papepala, ndinawafunsa kumene anaphunzira zimenezi. Anati anaphunzira ku University of Johannesburg, kunthambi ya zaluso, zokonza maonekedwe ndi zojambula mapulani a nyumba imene ili pa Bunting Road ku Auckland Park. Ntchito yawo yoyamba inali kukampani yotsatsa malonda, kumene ankakonza mapaketi a sopo ndi zikwangwani za m'misewu ikuluikulu. Atachoka kumeneko analowa kubanki, osati kukawerenga ndalama, koma kukakonza pamene batani lililonse likhale mu app ya pafoni kuti agogo amene maso awo anayamba kuchita mdima athe kutumiza ndalama osalakwitsa. Sindinkadziwa kuti mabanki amalemba ntchito anthu a zojambula, ngakhale kuti ndimagwiritsa ntchito zimene iwo amakonza sabata iliyonse. Anakhalako zaka 4, malipiro anali abwino, koma anati anatopa ndi kupanga zinthu zimene munthu sangazigwire ndi manja. Za anzawo a m'kalasi anandiuza kuti wina amakonza masamba a mabuku a sukulu, wina amajambula makatuni oyenda ku Cape Town, wina amaphunzitsa kusekondale, wina ali ndi malo olemba zithunzi pakhungu la anthu (ma tattoo), ndipo wina anasiyiratu n'kuyamba kugulitsa nyumba, koma akuti zithunzi za nyumba zake zimaposa za onse ogulitsa anzake.

Amene amasindikiza ndi bambo wachikulire pang'ono, wosalankhulalankhula, amene manja awo sachoka inki. Iwo anadzera ku Artist Proof Studio, sukulu ya luso losindikiza imene Kim Berman ndi Nhlanhla Xaba anayambitsa mu 1991 ku Newtown pofuna kuphunzitsa achinyamata amene sakanatha kulipira yunivesite. Malo amenewo anapsa ndi moto mu 2003 ndipo Xaba anafera momwemo, koma sukuluyo inadzukanso ndipo ikuphunzitsabe. Kumeneko n'kumenenso kunadzera Nelson Makamo, amene chithunzi chake cha mwana wovala magalasi chinali pachikuto cha magazini ya Time mu 2019. Nditatchula dzina limeneli bambowo anaseka n'kunena kuti aliyense amawafunsa za Makamo ngati kuti onse a kusukuluko anatulukira khomo limodzi. Iwo atamaliza anakhala zaka zambiri akusindikizira akatswiri ena, ntchito imene wojambula amabwera ndi chithunzi chake ndipo wosindikiza amatulutsa makope owerengeka ofanana ndendende, amene mwini wake amasaina pansi. Dzina lolembedwa pamenepo silikhala la wosindikiza. Anapentaponso makoma a nyumba zonamizira zimene amajambuliramo mafilimu ndi masewero a pa TV, ndipo mpaka lero Loweruka m'mawa amaphunzitsa ana kujambula. Zithunzi zawozawo, zimene amasema ndi kampeni pa lino (chinthu chonga mphira choyala pansi m'nyumba), zapachikidwa pamwamba pa pochapira, ndipo anati pachaka zimagulidwa zochepa chabe.

Ulendo wachitatu ndinapeza akukonza masefa athu, ndipo ndinaima n'kuonerera, chifukwa popanda kuona zimenezi munthu sangamvetse kumene ndalama yake ikupita. Sefa ndi nsalu yopyapyala ya timabowo tosaoneka bwino ndi maso, yokungidwa kolimba pafelemu. Amaipaka mankhwala amene amauma gwa akaombedwa ndi kuwala, n'kuisiya iume m'kachipinda kamdima. Kenaka amaikapo pepala la pulasitiki loonekera limene lili ndi chithunzi chakuda bii, n'kuyatsa getsi lamphamvu kwa mphindi zowerengeka. Pamene kuwala kwafika mankhwala aja amalimba ndi kutseka timabowo, koma pamene chithunzi chinatchinga amakhalabe ofewa, ndipo akathira madzi amachoka n'kusiya njira ya inki. Posindikiza amayala nsalu patebulo lalitali lija, kuika sefa pamwamba, kuthira inki kumapeto kwake, n'kuikoka ndi mphira wa chogwirira cha thabwa. Akatero amanyamula sefa, kuisendeza pamalo otsatira amene analemberatu, n'kukokanso. Mtundu wofiira ukatha nsalu yonse amadikira uume asanabwere ndi wobiriwira, ndipo sefa yachiwiri ikaphonya ngakhale pang'ono, dzuwa limatuluka ndi mthunzi. Pomaliza nsalu imadutsa pamoto wa makina kuti inki igwire ulusi, ndipo apa n'pamene pamasiyanitsa nsalu yopirira kuchapa ndi yosuluka msanga. Zitenje 120 m'mitundu itatu ndi ntchito ya msana, ndipo nditaiona ndinasiya kuwanena m'mtima kuti ndi odula.

Vuto linabwerera pomwepo pamasefa. Sefa ikatuluka m'madzi, wosindikiza amaiyang'ana moloza kuwala kufunafuna timabowo tangozi tobwera chifukwa cha fumbi, ndipo akatipeza amatitseka ndi mankhwala kuti tisadonthetse inki pansalu. Bambowo, amene amalankhula Chizulu, Chisutu ndi Chingerezi koma osati Chichewa, anaona kachizindikiro kakang'ono kakulendewera kokha pakati pa m ndi b, anakayesa fumbi, n'kukatseka. Nkhodolero ya m'mawu akuti m'bale inapita choncho. Ulendo wachinayi, nditapita kukaona momwe ntchito ikuyendera, ndinapeza zitenje 30 zitayanikidwa, zokongola kwambiri, zonse zikulengeza kuti "Pa tsoka, tinyamule mbale". Aliyense amene anakhalapo pamaliro kwathu akudziwa mbiri ya anthu amene amafika pasiwa nthawi ya nsima yokha, ndipo bungwe la maliro silingavale nsalu yolimbikitsa khalidwe limenelo. Zinanditengera nthawi kuwafotokozera kuti kakhwacha kamodzi kasandutsa munthu kukhala chiwiya chodyera.

Momwe anachitira ndi cholakwacho ndinakhutira nazo mbali ina, mbali ina ayi. Sanakane ndipo sanafune kundikankhira mlandu, ngakhale kuti akanatha kuyesa. Mayi dizaina anatsegula chitsanzo chimene ndinavomereza, tonse tinaona kuti nkhodolero inalipo, ndipo anati, "Bambo mlembi, uku n'kulakwa kwathu, nsalu ina tigula tokha." Anachitadi zimenezo osawonjezera ngakhale randi imodzi pamtengo. Koma kukonza sefa yatsopano ndi kudikira nsalu ina kunachedwetsa ntchito ndi masiku 9, ndipo m'masiku amenewo foni yawo inkangoitana. Mauthenga anga ankayankhidwa mawa lake, nthawi zina mkuja, pamene komiti inali pakhosi panga tsiku ndi tsiku. Pambuyo pake ndinamva kuti magetsi anazimanso m'dera lawo kwa masiku awiri, ndipo popanda magetsi getsi la masefa ndi makina owotchera sizigwira, koma zimenezo akanandiuza tsiku lomwelo ndi uthenga wa mzere umodzi. Palibe mwa atatuwo amene ntchito yake ndi kuyankha makasitomala, ndipo zimaoneka. Lisiti lenileni la ndalama zonse ndinachita kulipempha katatu, chinthu chovuta kwa bungwe limene msungichuma wake amawerengera mamembala ndalama iliyonse pamsonkhano. Mayiwo anavomera okha kuti kuika mtengo pantchito, kulemba malisiti ndi nkhani za msonkho ndi zinthu zimene akuziphunzira ali m'kati mwa bizinesi. Katundu tinamulandira kutatsala masiku awiri kuti chikondwerero chichitike, ndipo amayi amene ankafuna kusoketsa madiresi sanathe, anangovala m'chiuno.

Wachitatu ndi mnyamata wa kamera, ndipo ndiye anapanga makhadi. Agogo ake aamuna anachokera ku Nkhata Bay pa Wenela n'kukhala mtchona, kotero kuti Chichewa chake chimathera pa moni ndi pa "zikomo, amalume", koma anasangalala kwambiri kugwira ntchito ya anthu a kwawo kwa agogo ake. Iye anaphunzira ku Market Photo Workshop, sukulu ya kujambula ndi kamera imene David Goldblatt anayambitsa mu 1989 ku Newtown. Anayamba ndi kugulitsa zithunzi kumanyuzipepala, koma anati ndalama yake inali yochepa ndiponso yochedwa, kotero tsopano amadya za maukwati, za nsapato ndi zikwama za masitolo a pa intaneti, ndi za zithunzi za akatswiri ena amene amafuna ntchito yawo ijambulidwe bwino isanapite kuchionetsero. Anabwera kuholo kwathu ku Rosettenville Lamlungu awiri ndi nsalu yotuwa ndi magetsi ake, n'kujambula mamembala mmodzimmodzi. Ambiri a ife tinazolowera zithunzi za pasipoti zimene munthu wakuda amaoneka ngati mthunzi wokhala ndi maso, koma iyeyu ankasuntha getsi malinga ndi khungu la munthu aliyense, ndipo anali ndi njira yake yolankhulitsa agogo mpaka nkhope imasuke. Mayi wina wamasiye anapempha kuti chithunzi chake cha pakhadi achikulitse atumize kwa ana ake ku Balaka, chifukwa akuti chiyambire kubwera kuno sanajambulidwepo chooneka ngati iye. Cholakwika pa makhadi n'chakuti maina 7 anasokonekera kalembedwe, koma pamenepo theka la mlandu ndi langa, popeza mndandanda ndinaulemba pamanja.

Mitengo inali motere. Kukonza maonekedwe kunali R2,500, chitenje chimodzi R165, tisheti R130, chikwangwani R900, ndipo khadi limodzi pamodzi ndi kujambula R25, zonse pamodzi R38,600, ndipo theka tinapereka ntchito isanayambe. Pashopu ya m'tauni ija tisheti inali pa R85 ndipo kukonza chithunzi sankalipiritsa, choncho amene akungofuna zovala za tsiku limodzi, monga za mpira wa pa Khirisimasi, alibe chifukwa chokwerera masitepe a ku Doornfontein. Koma tsopano papita miyezi 7, nsaluzo tazivala pachikondwerero ndi poperekeza maliro awiri, ndipo ya mkazi wanga yachapidwa kosawerengeka. Wofiira ndi wobiriwira ali chimodzimodzi, wakuda wayezuka pang'ono, ndipo palibe chilembo chimene chasupuka. Amayi anaona zinthu ziwiri zimene ine sindikanaziona: nsaluyo inali youma gwa mpaka itachapidwa koyamba, ndiponso kumbuyo kwake n'koyera kuposa zitenje za kumsika, chifukwa inki ya pasefa imakhala mbali imodzi. Wofuna kusoketsa diresi la mapindo oonekera kumbuyo adziwiretu zimenezi.

Pali china chimene ndinapezako chimene sichinali pa oda. Mwana wanga wamkazi, amene ali mu giredi 11, amadzaza masamba a kumapeto kwa makope ake ndi zojambula, ndipo kwa chaka chathunthu takhala tikukangana chifukwa iye akufuna sukulu ya zojambula pamene ine ndinkafuna unamwino. Ndinapita naye ulendo wachisanu, mwina ndi maganizo akuti akaona masitepe ndi manja a inki asintha mtima. Pakhoma la pafupi ndi makompyuta panali kakhadi ka chithunzi cha mayi atakhala m'khitchini, ndipo bambo wosindikiza anakaloza n'kunena kuti, "Uyu ndi munthu wa kwanu." Anali kunena Billie Zangewa, amene anabadwira ku Blantyre mu 1973, anakulira ku Botswana, anaphunzira zaluso ku Rhodes University, ndipo amakhala konkuno ku Johannesburg. Iyeyu asanadziwike anagwirapo ntchito m'zamafashoni ndi m'zotsatsa malonda, mu 2004 anapambana mphoto ya Gerard Sekoto, ndipo lero zithunzi zake zimaonetsedwa ku New York ndi ku Paris. Chimene chinandigwira mtima n'chakuti sajambula ndi penti. Amadula tizidutswa ta nsalu ya silika n'kutisoka ndi singano pamanja, ndipo zimene amaonetsa ndi za m'nyumba, mayi ndi mwana wake, munthu akuwerenga, tebulo la m'khitchini. Ndakhala mumzinda uno zaka zambiri pakati pa Amalawi osoka, ndipo sindinamvepo dzina lake kufikira tsiku limenelo. La Samson Kambalu ndinalimvapo, amene anaphunzira ku Chancellor College ku Zomba ndipo chosema chake cha John Chilembwe chinaimikidwa pa Trafalgar Square ku London mu 2022, koma ndinkamuyesa munthu mmodzi wamwayi.

Chimene ndinawalemekezera atatuwa n'chakuti sanamunamize mwanayo. Bambo wosindikiza anamuuza kuti maina a pakhoma ndi ochepa, ndipo ambiri amene anaphunzira nawo amadya ntchito ziwiri kapena zitatu nthawi imodzi, ena anasiya. Mnyamata wa kamera anati Disembala amakana makasitomala chifukwa cha kuchuluka kwa maukwati, koma Januwale ndi Febuluwale amabwereka ya lendi. Mayi dizaina anamuuza kuti kusukulu zotere safuna magiredi okha, amafunanso mulu wa zojambula zake zimene amazitcha portfolio, ndipo anamulangiza kuti ayambe kujambula zinthu zenizeni zimene akuziona, manja a mayi ake akusenda mbatata kapena mzere wa anthu odikira taxi, m'malo mokopera makatuni a pafoni. Kwa ine anandikumbutsa za ndalama, kuti kuwonjezera pa fizi pali mapepala, utoto ndi kompyuta yamphamvu, ndiponso kuti thandizo la boma la NSFAS limayang'ana unzika, chinthu chimene mabanja ambiri a ife alendo tiyenera kufufuza msanga mwana asanafike giredi 12. Anawonjezera kuti wofuna malipiro a pamwezi m'ntchito imeneyi amawapeza kwambiri kumakampani otsatsa malonda, kumabanki, kosindikiza mabuku ndi kuuphunzitsi, pamene wofuna kujambula zakezake ayenera kukhala ndi ntchito ina yomudyetsa poyamba. Sindinganene kuti ndagonja pa nkhani ya unamwino, koma sindinganenenso kuti sukulu ya zojambula imatulutsa olemba maina a magolosale okha, nditaona mmodzi amene anakonza app ya banki, wina amene anapenta nyumba za m'mafilimu, ndi wina amene anajambula agogo athu mooneka ulemu. Mwanayo tsopano amapita Loweruka lililonse kukathandiza kuchapa masefa kalasi ya ana ikatha, ndipo amabwera ndi zikhadabo zobiriwira.

Kwa amene akufuna kupitako, ndinganene kuti apite kutatsala miyezi iwiri, osati milungu itatu monga tinachitira ife. Apemphe mtengo wolembedwa papepala ndi tsiku lolandirira katundu, ndipo agwirizane kuti ndani mwa atatuwo adzayankha foni. Koposa zonse, ngati pali mawu a Chichewa, Chitumbuka kapena Chiyao, asakhutire ndi chitsanzo cha pafoni; apite akaone nsalu yoyamba itatsika patebulo, awerenge chilembo chilichonse pamodzi ndi nkhodolero zake, ndipo aloleze kusindikiza zotsalazo ataona ndi maso. Kwa okalamba ndi ovutika miyendo, mayi dizaina amavomera kukumana nawo pansi kapena kubwera kumene ali, koma munthu achite kupempha.

Zitenje 30 zolakwika zija anatipatsa ulere, popeza palibe kwina akanapita nazo. Komiti inkafuna kuti zibisidwe, koma amayi a kukhitchini anazitenga n'kuziyala pamatebulo a chakudya tsiku la chikondwerero, ndipo kuyambira pamenepo ndizo timayala pamsonkhano uliwonse. Mlendo wodziwa kuwerenga Chichewa akafika pamzere wa nsima amayamba waima, n'kuwerenga kawiri, kenaka n'kutenga mbale yake.